Ndiwo Zopanda Mchere za aNambewe

Pa mtundu pathu pali chizolowezi chimene akamwini ndi atengwa amachiseka akangofika kumene: ndiwo zimabwera zopanda mchere, mcherewo uli pambali m'kambale. Ena amati ndi ulesi, ena amati n'kuumira. Aseke ndithu, mano ndi awo. Koma adziwe kuti chinayamba ndi Mirriam Nambewe, ndipo akanapanda kutero, ambiri mwa osekawo sakanapeza munthu womukwatira pakhomo pano.

ANambewe anabadwira m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Katete, kunsi kwa mapiri. Anali aafupi, a manja okhuthala, osafulumira kuyankhula. Alongo awo awiri anapita ku Halale iwo akadali namwali. Wamkulu anatumizako nsalu kamodzi, kenaka zii. Wamng'ono ndiye sanamveke n'komwe. Onse anatchona. Itabwera nkhondo ya Jeremani, atsibweni awo anatengedwa umtengatenga, kukasenza katundu wa asilikali, ndipo sanabwerere. Amayi awo anatha ndi fuluwenza, maso ali kunjira. N'chifukwa chake aNambewe ankadana nayo njira ya kum'mwera ija monga mmene munthu amadanira ndi mkazi mnzake: ankaidziwa bwino, ndipo ankadziwa chimene imafuna.

Mwamuna amene anawakwatira, Ezara Mwale, anali mmodzi mwa ochepa amene njirayo inawalavula. Anakhalako ku Halale, akutsuka mbale m'nyumba ina yodyera anthu a ntchito, nabwerako ndi bulangeti, jekete ndi pakamwa posatseka. Anali wobatizidwa, wodziwa kuwerenga, munthu wabwino mtima koma wosakhazikika. Uchikamwini unkamuwawa. Kulima munda wa apongozi, kudya moyang'aniridwa, zonsezo zinkamukhala pakhosi. Ndiye tsiku lina anati amange nyumba yodyera ngati ija anaiona ku Halale, pompo pa dooko, pamene apaulendo ankapumulira patsinde pa mkuyu.

M'mudzi anaseka. Anati mlendo sagulitsidwa chakudya, amangopatsidwa; amene aphikira mlendo n'kutambasula dzanja ndiye kuti manyazi anamuthera. A Mwale anayankha kuti aja si alendo, ndi mtsinje, ndipo palibe amapatsa mtsinje nkhuku. Zinali zoona ndithu. Nkhondo itatha, anthu ankadutsa pamenepo magulumagulu, ochokera ku Jemusoni ndi ku Nyasalande, mitolo pamutu, nkhwangwa paphewa, onse kulunjika ku Zambezi. ANambewe anavomera. Sanavomere chifukwa chokonda malonda. Anaona kuti mwamuna amene ali ndi chochita m'mbali mwa njira salowa m'njiramo.

Anamanga chisakasa cha udzu, nawaza mitengo kukhala mabenchi. Zina zonse zinagwera aNambewe. Kusinja, kutunga, nkhuni, kusenza miphika kuchoka kumudzi mpaka kudooko, mwana wawo Samuel ali kumsana, mkulu wake akukoka nsalu, komanso munda osausiya, poti abale sakanalola kuti mwana wawo adye za m'manja mwa apaulendo zokha. Pofika pa chisakasa m'mawa ankakhala atatopa kale. Ankaphika nyemba, nkhwani wotendera, nthawi zina therere, n'kudikira.

Apaulendo ankaima ndithu. Ankagula thobwa, mbatata zophika, nsawa, chinangwa chootcha. Koma zikafika pa ndiwo, ankangosuzumira mumphika, n'kuyamikira fungo, n'kubwerera patsinde pa mkuyu. Kumeneko ankasonkha moto wawo, kuphika kansima kawo m'chitini, n'kudya kopanda chotsira, kapena ndi tinsomba touma towerengeka. Amuna akuluakulu anjala, akudya zouma pafupi ndi mphika wodzaza. Madzulo aNambewe ankasenzanso ndiwo zomwezo kubwerera nazo kumudzi. Banja lonse linadya nyemba zogona mpaka ana ankatembenuza nkhope akangoona mphika. Za thobwa ndi mbatata sizinkakwana kanthu. Zinkangobweza za chimera.

A Mwale sanakhale chete. Analemba chikwangwani ndi makala pa thabwa. Ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo odziwawo ankawerengera anzawo mokweza, onse n'kugwedeza mutu, n'kupitirira. Anapachika khasu lakutha pa nthambi, kuti aziliomba chakudya chikapsa. Tsiku loyamba amene anathamangira kumeneko ndi ana a sukulu, lachiwiri anabwera nkhalamba ziwiri kudzafunsa amene wamwalira. Anapha tambala wa aNambewe, amene ankamusungira mbewu, poganiza kuti anthu akufuna nyama. Tambalayo anamudya okha, mwakachetechete, ngati pamaliro.

Kenaka anati wachipeza chovuta. Anthu oyendayenda, anatero, anazolowera mchere weniweni wa m'sitolo, ndiye akuganiza kuti pano tikuthira wa phulusa wa kumudzi. Anagulitsa mbuzi, nakagula mchere woyera kwa mwenye, nauika m'chitini chowala. Ndipo analamula kuti gulu likafika, aNambewe aziuthira anthu akuona, dzanja lodzaza, kuti adziwe kuti pano palibe kuumira. Iye ankaimirira pambali, jekete ili pathupi ngakhale dzuwa liswe mtengo, akulengeza kuti onani, waphika ndi mkazi wanga yemwe, mchere wathira ndi dzanja lake.

Nthawi iliyonse akatero, aNambewe ankamva ngati awavula pagulu. Iwo ankadziwa chimene chinkathawitsa anthu, ndipo anachidziwa kuyambira sabata yoyamba. Mkazi aliyense wa ku Uchewa anachimva kuchinamwali: mkazi akakhala kumwezi, kapena ngati wayenda njira zosayenera, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, wodyayo amadulidwa. Miyendo imatupa, chifuwa chimagwira, munthu amangofota. Umenewo ndiwo mdulo. Pakhomo pako umadziwa mkazi wako, umadziwa mayi ako. Nanga mkazi wa pa dooko, wachitsikana, amene sukudziwa za mwezi wake kapena za mayendedwe ake? Munthu woti miyendo yake ikamufikitse kutsidya kwa Zambezi sangayese dala. Thobwa lilibe mchere. Mbatata zilibe mchere. Nkhani yonse inali pamenepo.

Nanga bwanji sananene? Ofunsa chotere ndi amene sanakhalepo m'masiku amenewo. Zoterezi mkazi sankazitchula kwa mwamuna, ngakhale wake. Komanso aNambewe anali atangotuluka m'kalasi ya ubatizo, kumene anauzidwa kuti zimenezi ndi za mumdima, ndipo mkhristu wozisunga amaitanidwa ndi akulu a mpingo. A Mwale ndiwo anali otentha kwambiri pa zimenezo. Iwo anadya za m'manja mwa aliyense ku Halale osatupa, ndiye ankaganiza kuti dziko lonse linaleka kuopa tsiku limene iwo analeka. Choncho aNambewe ankathira mcherewo, maso pansi, akudziwa kuti akuthamangitsa anthu ndi dzanja lawo lomwe.

Chakumapeto kwa dzinja kunafika gulu lotsogoleredwa ndi Moffat, mnzawo wa a Mwale wa ku Halale. Moffat ntchito yake inali yoperekeza magulu mpaka ku Zambezi n'kubwerera kukatenga ena. Njira zonse zozemba ankazidziwa, ndipo mapazi ake anali ngati makungwa. M'gululo munali bambo wina wowonda, amene njala inamupambana. Anakhala pa benchi, nasamba m'manja. A Mwale anakondwa, nakuwa kuti amake Samuel, thirani mchere aone. ANambewe anathira. Bamboyo anayang'ana dzanja lija, nayang'ana anzake, nanyamuka manja akudontha madzi, akunamizira kuti m'mimba mwamupota.

Moffat anatsalira pang'ono, akumwa thobwa. A Mwale atapita kuseri, Moffat anauza aNambewe chapansipansi, maso ali m'chipanda:

"Musatidandaule, mlamu. Fungo ndiye latipha. Koma miyendo tili nayo ndi yomweyi."

A Mwale atabwerera, Moffat anasintha nkhani, nayamba kuwaseka. Anati Ezara, iwe unatsuka mbale za anthu mazana, lero ukulondera mphika umodzi ngati khwangwala? Anawauza kuti kumigodi kukufunika anthu odziwa za kukhitchini, ndipo iye adzadutsanso ndi gulu lina anthu akatha kukolola. Ngati akufuna, malo alipo. A Mwale anaseka nawo, koma madzulo ake sanadye. Patapita masiku anapinda bulangeti lija la ku Halale, naikamo jekete ndi kabuku ka nyimbo, namanga ndi luzi, napachika mtolowo pa phaso pamwamba pa khomo. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankaugunda ndi mutu.

ANambewe anauyang'ana mtolowo masiku onse okolola. Ankauona potuluka mbandakucha, ankauona polowa. Alongo awo nawonso anayamba ndi mtolo wotero, pa phaso lotero, ndi mawu omwewo akuti chaka chimodzi chokha. Ankayang'ana Samuel akukwawa, n'kumaganiza kuti mwanayu adzafunsa kuti atate anali otani, ndipo iwo adzayankha kuti anali ndi jekete.

ANambewe anayankhula tsiku lina kumunda, akukumba nsawa, poti munthu akawerama sayenera kuyang'ana mnzake kumaso. Anazungulira kutali, monga mwa ulemu. Anati apaulendo ndi anthu a kumidzi, ali ndi zimene anawauza amayi awo. Mwina mchere ukanakhala pambali, aliyense n'kumathira yekha. A Mwale anaimitsa khasu. Anamva msanga, ndipo nkhope inawagwa, chifukwa anaona nthawi yomweyo zimene ankalengeza miyezi yonse ija. Koma mwamuna akachita manyazi amasanduka mlaliki. Anati zimenezo tinazisiya pa tsiku la ubatizo. Kodi mukufuna nyumba yanga ikhale yoyamba kuitanidwa ndi akulu a mpingo? Kodi tiziuza anthu kuti mantha awo ndi oona?

"Ine sindikuuza munthu kanthu, a Mwale," anatero aNambewe, akukutumula dothi ku nsawa. "Ndikungofuna adye."

A Mwale anati bola kutseka chisakasacho kusiyana n'kugwadira za mumdima. ANambewe anapitiriza kukutumula nsawa. Anadziwa kuti kutseka chisakasa ndi kutsitsa mtolo ndi chinthu chimodzi.

Moffat anafika monga ananenera, nkhokwe zitadzaza, mphepo ya mwera itayamba. Gulu lake linali lalikulu, lafumbi mpaka m'nsidze. Linati ligone pa dooko, linyamuke m'mawa, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa kuti ponyamukapo adzawonjezeka ndi mmodzi. Tsiku limenelo aNambewe anaphika ngati pali ukwati: nyemba mphika waukulu, mfutso wotendera, maungu. Msana unkawawa, ndipo anali ndi pakati pena pamene anali asanauze munthu. A Mwale anabwera pa chisakasa mochedwa, opanda jekete, poti inali kale mumtolo. Ataona anthu akusuzumira m'miphika, chizolowezi chinawagwira, nati mofooka, amake Samuel, mchere uja.

ANambewe anatenga chitini chija osachitsegula, nachipereka kwa amuna awo ndi manja awiri, atagwada. Pambali anaika chipanda chouma. Kenaka anabwerera kumbuyo, naika manja onse kumsana, nayankhula mokweza kuposa mmene anthu anawamverapo:

"Ndiwozi sizinaone mchere. A Mwale akuthirirani m'chipandamo, aliyense atape ndi dzanja lake."

A Mwale anaima ndi chitini m'manja. Akanatha kuchiponya pansi. Akanatha kutsegula n'kuthira okha mumphika, kapena kukalipira mkazi wawo pamaso pa anthu, ndipo palibe akanawadzudzula. ANambewe ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Moffat ndiye anasuntha. Anatenga chikombe, natapa msuzi wa nyemba, nalawa, nakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala.

"Zoona, anthuni," anatero. "Zoipa ngati madzi a m'chithaphwi. Ezara, tsegula chitinicho, usatiphe."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula manja a a Mwale. Anathira mchere m'chipanda. Woyamba kukhala pa benchi anali mkulu wina wa imvi, kenaka awiri, kenaka mabenchi anachepa, ena n'kukhala pansi. ANambewe anaphika nsima kawiri, kachitatu ufa unatha, anachita kukabwereka kwa abale awo. Dzuwa likulowa anasenza miphika yopanda kanthu, kwa nthawi yoyamba chimangireni chisakasa. Inali yopepuka, koma iwo analibe mphamvu yokondwera. Anafika kunyumba, nagona osasamba.

M'mawa gulu linanyamuka. A Mwale anaperekeza Moffat mpaka kutsidya kwa mtsinje, nabwerera. Anati sangachoke mwezi uno, poti anthu aja amaliza theka la chitini tsiku limodzi, ena akumanga mchere pa ngodya ya nsalu, ndiye pakufunika mwamuna woyang'anira. Adzapita ndi gulu lotsatira. Mtolo sanautsitse.

Walira mvula walira matope. Mbiri inayenda ndi apaulendo okhaokha, kuti pa dooko la Katete pali mayi wosathira mchere, ndipo anthu ankafika akufunsa. Ntchito inachuluka kuposa kale. ANambewe ankadzuka nkhuku zisanatsike, manja anachita zikang'a, utsi unawafiiritsa maso mpaka ukalamba. Chuma sanachione, zimene zinkalowa zinkathera ku mchere, ku ufa ndi kwa amsonkho. A Mwale, munthu amene anawoloka Zambezi, anakhala mlonda wa chipanda, akukangana ndi amuna anzawo za kukula kwa zala zawo. Ankauza aliyense kuti anthu ayamba kubwera chifukwa cha chikwangwani, chimene anachilembanso ndi utoto. ANambewe sanawatsutse ngakhale tsiku limodzi.

Akulu a mpingo anamva ndithu. Anatuma a Lameck, mkulu wa mpingo wa nkhope yosaseka, kuti akaone. Anafika masana, nakhala, nafunsa chifukwa chake mchere uli pambali pa nyumba ya akhristu. A Mwale anayamba kufotokoza zambirimbiri zosamveka. ANambewe anangoti, atagwada chapatali, malilime ndi osiyana, abambo, wina amakonda wambiri, wina pang'ono. A Lameck anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasamba m'manja, napemphera pemphero lalitali, natapa mchere ndi zala zawo, nadya mpaka kupukuta mbale. Anthu amati mkuluyo anali asanadyepo ndiwo pakhomo la munthu wina chikwatirireni. Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo iwo ankadzera pa dooko kawirikawiri.

Gulu lotsatira linadutsa, a Mwale anati adikire mwana abadwe. Mwana atabadwa anati adikire mvula ithe. Moffat ankawafunsabe nthawi zonse, mwina mwachipongwe, mwina ayi, ndipo nthawi zonse aNambewe ankaleka kutakasa mphika mpaka amve yankho. Mtolo unakhala pa phaso, ukuda ndi mwaye. Sanaukhudze. Anadziwa kuti akautsitsa iwo, mwamunayo adzaumanganso mawa lake kuti aonetse kuti sanamangidwe ndi mkazi. Ankangoweramira pansi pake polowa ndi potuluka, zaka ndithu.

Unatsika chaka china m'nyengo yozizira, pamene chisanu chinapsereza masamba a nthochi m'madimba. Samuel anali ndi chifuwa, ndipo nsalu za m'nyumbamo sizinakwane. A Mwale anaimirira, nadula luzi ndi mpeni, nafunditsa mwanayo bulangeti la ku Halale. Jekete inapezeka itadyedwa ndi njenjete paphewa. Anaiyang'ana, naiponya pa mphasa, nati aNambewe aone ngati ingatuluke kamalaya ka mwana. Iwo anati aona. Anaisoka sabata yomweyo, msangamsanga, amuna awo asanasinthe maganizo.

Chisakasa sichinakhale mpaka kalekale. Atalambula msewu wa magalimoto, unadzera kumtunda, ndipo pa dooko panayamba kumera udzu. Koma pofika nthawiyo mawondo a a Mwale anali atayamba kulira, ana anali asanu, ndipo za ku Halale zinali zitasanduka nkhani zosimbira adzukulu. Anamwalira pakhomo, mutu uli pa mwendo wa mkazi wawo, ndipo manda awo tikuwadziwa pamene ali. Pa amuna a msinkhu wawo m'mudzi umenewo, oterowo ndi owerengeka.

ANambewe anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akuyenda chowerama, osakonda kukamba za pa dooko. Wina akawafunsa ankangoti kunali kotopetsa. Dzanja lawo silinazolowerenso kuthira mchere mumphika, ngakhale pophikira ana awo omwe, ndipo ana aakazi anatengera pomwepo osafunsa. Nthawi zambiri iwo eni ankaiwala kutapa m'kambale. Ankadya choncho, pang'onopang'ono, atatambasula miyendo, nkhope ataloza kunyumba, njira ili kumsana.